Ndinaponda Masamba a Maliro ndi Matayala Anayi

Zikomo a tcheyamani pondipatsa mpata. Madalaivala anzanga, inu mwakhala pa mabenchi ndi inu mwatsamira magalimoto kumbuyoko, tabwerani nawo kuno makutuwo. Ine ndine Elesoni, woyendetsa pikapu ya Mayi Filipo, ija imatenga zinanazi kumunsi kwa phiri kupita nazo ku Limbe. Ngati dzina limeneli simukulidziwa, ndine Kabawi uja. Eya, sekani, sekani ndithu. Ndinamva kuti nkhani yanga inafika mpaka ku Muloza, ndipo akabaza a kumeneko anaithira mchere wawo. Lero muimva kwa mwini wake.

Dzina la Kabawi sindinadzipatse ndekha, munandipatsa ndinu. Masiku amenewo wapolisi wa pamsewu ndinkamuona ali kuseri kwa bulugamu iye asanandione. Nambala ya galimoto ndinkaiwerenga ili kutsidya kwa mlatho. Ndiye ndinkayenda modzimva, kapusi kumbali, kiyi akulira m'chala. Mumvetse bwino za kiyi ameneyu. Ine ndine mkamwini, kwathu ndi kutali, ndimakhala kwa akazi anga, make Joyi. Munda si wanga, nyumba ili pa dothi la eni ake, khasu ndikaligwira nkhuku zimaima n'kumaonerera. Chimene chinkandipatsa pakamwa m'mudzi umene uja chinali kiyi wa pikapu basi. Ndinkadziwa kuti tsiku limene Mayi Filipo adzandilande kiyi, ndidzakhala munthu wongodya za eni.

Vuto linayamba ngati nthabwala. Ndinayamba kuona nkhungu tsiku lopanda nkhungu. Inu mukudziwa chiperoni cha kuno, chimabwera nthawi yozizira. Koma changa chinkagwa ngakhale mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinkapukuta galasi lakutsogolo katatu pa ulendo umodzi n'kumatukwana sopo. Zikwangwani za mumsewu ndinkati olemba a masiku ano ndi aulesi, akulemba tizilembo tating'ono. Mauthenga a pa foni ndinasiya kuwerenga, n'kulengeza kuti munthu wamkulu salemberedwa, wofuna ine aimbe. Tsiku lina pa Chitakale ndinakhudza thumba la makaka limene linali pa njinga ya munthu, makaka mbwee mumsewu, ine n'kutsika n'kumukalipira mwini njinga kuti amayenda ngati msewu ndi wa agogo ake. Munthu uja anali ataima pambali, phazi lili pansi, akudya chinangwa.

Mumtima ndinkadziwa. Musanamizidwe, munthu amadziwa. Koma ndikaganiza zopita kuchipatala, ndinkakumbukira zimene timauzana pa siteji pano, zoti madokotala amachotsa diso, kuliika m'mbale, kulitsuka, n'kulibwezera, ndipo akasokoneza umayang'ana kumbuyo moyo wako wonse. Ndikaganiza zouza Mayi Filipo, ndinkaona kiyi akuchoka m'chala. Ndiye ndinangoti zii, n'kumayendabe.

Kenaka ndinakumana ndi Amidu, uja amakonza mawaya a galimoto. Ndinapita kukakonzetsa hutala, ndipo ndinamupeza akumangirira kabokosi kakuda pa bampala ya minibasi, kukula kwake ngati sopo wochapira.

"Kameneko n'chiyani, achimwene?" ndinafunsa.

"Aka ndi rada," anatero Amidu. "Kamaponya mafunde osaoneka kutsogolo. Akagunda chinthu amabwerera, iko n'kudziwa kuti pali chinthu, chili patali bwanji, ndipo mukuchiyandikira mwachangu bwanji. Ndiye kamalira m'kati muja. Kaya kuli nkhungu, kaya fumbi, kaya mvula, iko sikasamala."

Ndinati zimenezo si za magalimoto a mabwana a ku esiteti? Iye anaseka. Anati kale inde, zinkabwera m'magalimoto odula okhaokha, chifukwa m'kati mwake munkakhala tizipangizo tambirimbiri, chilichonse ndi mtengo wake. Koma opanga anapeza nzeru yopanikiza zonse pa kachidutswa kamodzi ngati chikhadabo, n'kumapanga tambiri nthawi imodzi, mtengo n'kugwa. Anati pano ngakhale dalaivala wamba akhoza kukagula osagulitsa mbuzi.

Abale anga, mtima wanga unagunda ngati ndaona chibwenzi chakale. Ndinati mangirira pompano. Anamangirira, n'kulowetsa kolira m'kati pafupi ndi chiwongolero. Kenaka anakaima kutsogolo kwa pikapu n'kuti ndiyende pang'onopang'ono. Ndili patali kanati pii, n'kupuma, pii, n'kupuma. Ndikuyandikira kanafulumira, pii pii pii. Nditafika pafupi kanakuwa osapuma, mpaka ndinaponda buleki ndisanaganize.

Amidu anabwera pa zenera n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti anaona kuyera kwa m'maso mwanga.

"A Kabawi, walahi ndikuuzeni," anatero. "Aka ndi kothandiza maso, si maso ayi. Kamaona choimirira. Chogona pansi sikaona. Dzenje sikaona, chikwangwani sikawerenga, mtundu wa chinthu sikadziwa. Mwandimva?"

Ndinati ndamva. Koma kunena zoona ndinangomva theka loyamba lija, lakuti kamaona. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu langa tsiku limenelo linali la chikumba.

Ndinakapatsa dzina lakuti Mlamu, chifukwa kankalankhula osafunsidwa. Ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuyendetsa ndi maso, ndinayamba kuyendetsa ndi makutu. Msewu wa ku Limbe unali kale m'mutu, makhona onse, zitunda zonse. Fungo la tiyi likandimenya m'mphuno ndinkadziwa kuti ndafika pa fakitale. Ndikapeza lole yaikulu ndinkaikakamira kumbuyo n'kumamvera Mlamu. Akamalira mopuma ndiye kuti tili bwino, akafulumira ndichepetse moto. Miyezi isanu ndi umodzi ndinayenda choncho, ndikunyamula katundu wa eni, ndikudutsa ana a sukulu a eni.

Zizindikiro zinalipo, koma ndinkazisandutsa nthabwala. Maenje Mlamu sankawaona, ndiye ndinkalowa lililonse, zinanazi kufika ku Limbe zikutuluka madzi. Mayi Filipo akadandaula ndinkati msewu waonongeka, mayi, boma lationjeza. Pa lodibuloko ina Mlamu analira, ine ndinaima bwinobwino, kutsitsa galasi, n'kunena mwaulemu kuti mwadzuka bwanji bwana. Bwana sanayankhe. Ndinabwereza. Wapolisi weniweni anachokera mbali inayo akugwira m'mimba ndi kuseka, anati akulu, mwapereka moni kwa mgolo. Ine ndinati ndimachita dala, ndimafuna ndikusangalatseni. Pa siteji pano ndinkadzitama kuti chiperoni chikagwa enanu mumaima, Kabawi yekha ndiye amadutsa. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tsopano tamverani za tsiku lenilenilo.

Ndinakhala ku Limbe masiku atatu, tikudikira kuti katundu athe. Mayi Filipo anabwerako msanga pa minibasi, osandiuza chifukwa. Foni yanga inalira kangapo ndili pakati pa phokoso la msika, sindinaimve. Kenaka inanjenjemera ndi mauthenga atatu. Ndinaiyang'ana, ndinangoona tinyerere tikuyenda pa galasi. Kupempha munthu kuti andiwerengere, aa, Kabawi? Ndinaibweza m'thumba. Mauthenga amenewo anali a make Joyi, ondiuza kuti amalume awo amwalira. Amalume ake enieni, mwini mbumba, nkhoswe ya ukwati wathu, munthu amene anandilandira m'mudzimo n'kundilozera pomanga nyumba.

Ndinanyamuka m'mawa, pikapu yopanda kanthu, yopepuka, wailesi ikuimba nyimbo ya chikondi ija yogwedeza chiuno. Dzuwa lili pamutu ndinakhota kusiya tala, kulowa msewu wafumbi wopita kumudzi kwa make Joyi. Tonse pano tikudziwa mwambo. Pamudzi pakagwa zovuta, adzukulu amathyola nthambi zamasamba n'kuziyala mumsewu, mbali ino ndi mbali inayo. Wa njinga amatsika n'kukankha. Wa galimoto amachepetsa liwiro, kuzimitsa wailesi, kuvula chipewa. Mwana wa sitandade wani amadziwa zimenezi.

Masamba aja anayalidwa, mizere iwiri, obiriwira bwino. Ine sindinawaone. Mlamu naye anangoti chete, poti masamba ndi ogona pansi. Ndinawaponda ndi matayala onse anayi, fumbi kobo kumbuyo. M'mbali mwa msewu ndinaona zoyerayera zambirimbiri, ndinati eee, kwathu kuli ukwati, bwanji sanandiuze? Zoyerazo anali amayi a mvano mu yunifolomu yawo. Ndiye ndinaimba hutala, ija yanga ya kanyimbo, pipi-pipipi-pipi, dzanja lili panja ndikubayibitsa.

Mwadzidzidzi Mlamu anakuwa. Sanayambe ndi kupuma ayi, anangokuwa kamodzi n'kamodzi. Phazi langa linapita lokha pa buleki. Pikapu inaseseleka, n'kuima. Fumbi litatsika ndinaona mdima wa anthu kutsogolo kwa bampala, pafupi moti munthu akanatambasula mkono akanagwira galasi. Anali adzukulu asanu ndi mmodzi, bokosi lili pa mapewa, akudutsa msewu kupita kumanda.

Koma ine bokosilo sindinalizindikire. Ndinatulutsa mutu pa zenera, kumwetulira mano onse panja, n'kufuula kuti, "Akukwatira ndani?"

Nyimbo ya maliro inaduka pakati. Kunangotsala wailesi yanga, woimba akuchonderera wokondedwa wake kuti abwere usiku uno. Ndinamva mawu a mayi wina akuti, "Mayo ine, ndi bambo a Joyi!" Pamenepo mutu unayamba kugwira. Ndinapapasa wailesi kuti ndizimitse, ndinapotoza kolakwika, nyimbo inakwera. Mpaka mdzukulu wina analowetsa dzanja pa zenera n'kuzula kiyi.

Anthu a kwathu ndi aulemu. Palibe anandimenya. Mkulu wa adzukulu, a Likhwiya, munthu wamfupi wa mawu okhuthala, anangoti, "Tsikani, tiyeni tikaike kaye malemu. Zanu tikamba pobwera." Ndinayenda ulendo wa kumanda umenewo ngati maliro ndi anga.

Titabwerako, anthu atasamba m'manja, a Likhwiya anandikhazika pa kampando pakati pa bwalo la siwa. Sanaitane anthu, koma palibe anapita kwawo. Ndinamva mawu amene ndinkawadziwa bwino akupepesa anamfedwa. Anali Mayi Filipo. Zinanazi zambiri amagula m'mudzi mwathu momwemo, ndiye anabwera kudzakhuza maliro. Anakhala pa mkeka ndi amayi anzawo, chikwama pamiyendo.

"Bambo a Joyi," anayamba a Likhwiya, "funso langa ndi limodzi. Masamba aja munawaona, kapena simunawaone?"

Anzanga, taganizani pamene ndinali. Ndikati ndinawaona, ndiye kuti ndine mkamwini wamwano amene wavinira maliro a nkhoswe yake. Ndikati sindinawaone, abwana anga ali pomwepo akumva, kiyi wapita. Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uku, kenaka ndinachita zimene amachita munthu wamantha. Ndinanamizira Mlamu.

"Kamakina kaja sikanalire," ndinatero.

"Kamakina kanji?"

Ndinafotokoza za rada, za mafunde osaoneka, zonse zimene anandiuza Amidu, kupatula theka lachiwiri lija. A Likhwiya anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti tiyeni tikaone. Bwalo lonse linanyamuka kupita pa pikapu. Analiza injini, anayala nthambi kutsogolo, n'kukankha pikapu pang'onopang'ono. Mlamu chete. Anachotsa nthambi, a Likhwiya anaima okha pamenepo. Mlamu anakuwa ngati wapsa. Anabwereza kawiri, mpaka anthu ena anayamba kupempha kuti nawonso aimepo awalilire. Mkazi wa malemu, amene anali atalira masiku awiri, ndinamumva akuseka m'chitenje.

"Chabwino," anatero a Likhwiya titabwerera pa bwalo. "Kamakina aka kalibe mlandu. Sikanavinidwe, mwambo sikaudziwa, komabe kanatiimira ife onyamula bokosi. Funso langa likadali pomwe paja. Kamakina sikanaone masamba. Nanga inu, mwini maso?"

Ndipo pamenepo panamveka kutsokomola kumene mkamwini aliyense amakudziwa. Apongozi anga.

Apongozi anga anathyola tiyi ku esiteti mpaka msana unapindika, koma lilime silinapindike. Mwa mwambo wathu, iwo ndi ine sitiyang'anana, sitilankhulana maso ndi maso. Tikakumana pa njira, ine ndimapatuka kulowa patchire mpaka adutse. Ndiye anakhala chofulatira, nkhope kuloza ku mtengo wa mapeyala, n'kumalankhula ndi mwana wawo Esinala, make Joyi, ngati ine palibe.

"Esinala, uwafunse abambo a kunyumba kwakowo. Mwezi wathawu tinakumana pa njira ya kuchigayo. Sanapatuke. Anandidutsa phewa ndi phewa, n'kundiuza kuti asisi mwatchena."

Bwalo linaphulika. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike.

"Uwafunsenso. Mawa lake ndinawaona ndili m'munda. Anapatuka pa njira, kulowa mu udzu, kuvula kapusi, n'kuima nthawi yaitali. Ankapatukira chitsa cha nthochi chimene ndinayanikapo chitenje changa. Ndinawasiya dala ndione kuti aima mpaka liti."

Anthu anagwa chagada. Ngakhale a Likhwiya anatembenuka kuti asaoneke mano. Koma apongozi sanaseke. Anadikira phokoso lithe.

"Ine ndakhala chete miyezi yonseyi chifukwa mkamwini sauzidwa ndi mpongozi. Koma lero akanatiphera anthu asanu ndi mmodzi pamwamba pa mchimwene wanga. Ndiye asankhe okha. Ngati ndi mwano, atenge bulangete lawo azipita kwawo. Ngati ndi maso, anene pano, tiwaperekeze kuchipatala. Esinala, imirira. Inu awiri, imani naye."

Amayi atatu anaimirira, onse mu yunifolomu yoyera ya mvano, mipango yoyera kumutu, mapazi khumi kuchokera pamene ndinakhala.

"Aloze mkazi wawo," anatero apongozi, akuyang'anabe mtengo wa mapeyala.

Abale, kuseka konse kunatha. Ndinaimirira. Ndinatsinzina, ndinatong'ola, ndinapukuta m'maso ndi malaya. Ndinkangoona zoyera zitatu zikugwedezeka, zopanda nkhope. Ndinati ndingoloza wapakati, mwina mwayi ungandigwere. Dzanja linayamba kukwera. Ndiye ndinadzifunsa kuti, kodi nkhope ya mkazi ameneyu ndinaiona liti komaliza? Mkazi amene ndakhala naye zaka zonsezi, wondibalira ana, wondiphikira nyemba za kalongonda tsiku lathunthu osadandaula nkhuni. Ndinapeza kuti papita zaka ziwiri ndikumudziwa ndi mawu basi, ngati momwe ndinkadziwira msewu. Dzanja linatsika lokha.

"Sindikuona," ndinatero. "Make Joyi, sindikukuonani. Masamba sindinawaone. Msewu sindiuona. Ndakhala ndikunama."

Ndinalira, anthu inu. Kabawi analira pa bwalo, mamina ndi misozi, kuposa mmene ndinalirira malemu. Chimodzi mwa zoyera zija chinayenda n'kudzandigwira dzanja. Chinali cha kumanzere. Wapakati amene ndinafuna kuloza uja anali mkazi wa abusa.

Mayi Filipo sanakalipe. Anadzuka, anapita kwa mdzukulu amene anali ndi kiyi, anatambasula dzanja. Ndinamva kiyi akugwera m'chikwama, zipi n'kutsekeka. Anangoti, "A Elesoni, mukanandiuza. Kachizeni maso, tidzaonana." Mawu akuti tidzaonana amenewo, inu mukuwadziwa, nthawi zambiri amatanthauza kuti tsalani bwino.

Adzukulu anandipatsa chilango chawo. Anati popeza ndinaponda masamba, ndikatole ndekha onse mumsewu ndikataye. Ndinatola chokwawa, chopapasa, make Joyi akundiuza kuti kumanja, kutsogolo pang'ono, ayi icho ndi ndowe.

Tsopano njira yobwerera, poti ndi imene ndaimira pano. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lolemba lotsatira make Joyi anandigwira dzanja mpaka kuchipatala. Anandikhazika pa mpando n'kundionetsa chikwangwani cha zilembo. Adokotala anati werengani mzere umene mukuuona. Ndinati chikwangwanicho chili kuti? Anaunika m'maso n'kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo yakhwima. Atamva kuti ndine dalaivala anaika cholembera pansi, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti mwabwera pa chiyani. Nditati pa minibasi anati Mulungu alemekezeke.

Zija timauzana za mbale ndi bodza la nkunkhuniza. Diso salichotsa. Amalichititsa dzanzi, iwe uli maso ukumva akucheza, amachotsa kakhungu kochita mtambo kaja n'kuikamo kena koyera. Nthawi yake ndi yochepa kuposa kusintha tayala lokhala ndi manati ochita dzimbiri. Anayamba diso limodzi, linalo patapita milungu. Amakupatsa mankhwala odonthezera, n'kukuletsa fumbi, utsi ndi kunyamula zolemera. Ine ndinamvera chilichonse, mwina koyamba chibadwire.

Tsiku lomasula bandeji loyamba, chinthu choyamba kuona chinali make Joyi ataima pafupi ndi bedi. Ndinawayang'ana, ndinawayang'ananso. Ndinati, "Kodi imvi izi zinabwera liti?" Iwo anati, "Zinabwera ndi inu." Anamwino anaseka, koma ine ndinangogwira dzanja lawo osalisiya.

Miyezi inayi ndinakhala pansi. Imeneyo ndiye inali yowawa. Mayi Filipo analemba dalaivala wina, ndipo m'mawa uliwonse pikapu inkadutsa kuseri kwa nyumba yathu, munthu akukukuta magiya ngati akupera chimanga. Ine ndili pakhonde ndikusenda nandolo ndi amayi. Ndinaphunzira kusenda nandolo, ndinaphunziranso kukhala chete. Apongozi ndinayamba kuwaona ali kutali, ndipo tsiku loyamba ndinapatuka mwachangu kwambiri mpaka ndinagwera mu chitedze. Ndinakanda thupi masiku awiri, koma ndinamva kuti iwo anauza Esinala kuti ulemu wabwerera m'mudzi.

Maso onse atapola ndinabwerera kuchipatala, ndinawerenga chikwangwani chija mpaka mzere wa tinyerere. Adokotala anandilembera kalata, ndi mandala owerengera awa mukuwaonawa. Ndinapita kwa Amidu kukapepesa. Iye anati palibe mlandu, koma anandibwerezetsa theka lachiwiri lija katatu ngati mwana wa sukulu. Kenaka ndinatenga kalata ija kupita nayo kwa Mayi Filipo. Anaiwerenga, anaipinda, n'kuti, "Pepala ndaliona. Mawa m'mawa mundiperekeze kukatenga zinanazi."

M'mawa mwake anandipatsa kiyi, iwo n'kukhala pambali panga, chikwama pamiyendo. Kunali chiperoni chenicheni, cha Mulungu, osati changa chija. Tisanafike patali Mlamu analira, ndinachepetsa, ndipo mu nkhungu munatuluka njinga yonyamula matumba atatu a makala, yopanda ngakhale konyezimira kumbuyo. Maso anga atsopanowa sakanaiona msanga. Mayi Filipo anangogwedeza mutu. Nkhungu inayamba kuyera, tinakhota kulowa msewu wafumbi wa kuminda, iwo anatsegula wailesi okha n'kukweza. Tikuyenda, tikucheza za mitengo ya feteleza, ndinaona kutsogolo, patali ndithu, kanthu kobiriwira mumsewu. Nthambi zitatu, zoyalidwa mzere. Mlamu anali chete.

Ndinachotsa phazi pa moto. Ndinazimitsa wailesi. Ndinavula kapusi n'kuika pa ntchafu. Tinadutsa pang'onopang'ono ngati kamba, ine ndikuyang'ana uku ndi uku kuti siwa ili pati. Panalibe nyumba, panalibe munthu, minda ya zinanazi yokhayokha.

"Koma zovutazi zagwa kwa yani?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Kulibe maliro," anatero Mayi Filipo. "Ndinayala ndine dzulo madzulo. Kiyiyo musabweze, sungani."

Ndiye ndi uyu, anzanga, ali m'chala. Mlamu akadali pa bampala, ndipo sindidzamuchotsa. Amene simunagule kagulireni, mtengo wake pano ndi wa anthu ngati ife, ndipo tsiku lina kadzakuimitsani pamene maso achedwa. Anthu asanu ndi mmodzi akuyenda m'mudzi mwathu lero chifukwa cha iko. Koma mukamakamangirira, mumve mbali zonse ziwiri za mawu a Amidu. Mukayamba kutukwana sopo wa galasi, mukayamba kuuza anthu kuti munthu wamkulu salemberedwa uthenga, musathamangire kwa wa mawaya. Uzani akunyumba, uzani abwana anu ndi pakamwa panu, musadikire kuti apongozi akuuzireni pa maliro.

Ndipo poti pano ndikuona bwino, ndikuuzeni chimene ndaona chiimire pano. A tcheyamani atayendetsa pepala la mayina lija, anthu atatu analitembenuza kawiri, n'kulipereka kwa mnzawo akuti alibe cholembera. Sinditchula mayina, ine ndinachita manyazi okwanira tonse. Lolemba m'mawa ndikupita kuchipatala kukaonetsa diso lamanzereli. Ndidzaima pa siteji pano injini ikulira, ndipo sindidzafunsa munthu funso lililonse. Kutsogolo kuli malo a anthu awiri, wachitatu adzakhala kumbuyo pa zinanazi. Koma woyendetsa ndidzakhala ine.